Timu Imene Idabadwira pa Mbale ya Mwana Wanjala

Lamulungu la 17 la pa Chaka, Chaka B
Mawu a Mulungu: 2 Mafumu 4:42-44, Aefeso 4:1-6, Yohane 6:1-15

Mu Mthenga Wabwino wa lero, chikhamu cha anthu chatsatira Ambuye Yezu kutsidya kwa nyanja ya Galileya, ndipo anthuwo ali ndi njala. Yezu akufunsa Filipo kumene angakagule chakudya. Filipo akuwerengetsa msanga ngati msungichuma wodziwa ntchito yake, ndipo akupeza kuti ngakhale malipiro a masiku 200 a munthu waganyu sangakwanire kuti aliyense alaweko pang'ono. Masamu akewo anali olondola ndithu. Koma Andrea, mbale wake wa Simoni Petulo, m'malo mosuzumira m'thumba la ndalama adayang'ana pakati pa anthu, napeza mnyamata amene anali ndi mikate isanu ya barele ndi tinsomba tiwiri. Barele chinali chakudya cha amphawi. Andrea mwiniwake ankakayika ngati kamba wochepa chotero angathandize kanthu, komabe adamufikitsa mnyamatayo kwa Yezu. Amuna pafupifupi 5,000 adadya nakhuta, ndipo zotsala zidadzaza madengu 12.

Mtumwi Andrea sadachulukitse mikate. Gawo lake linali loona mwana amene ena sadamuone ndi kubwera naye pamaso pa Ambuye. Mpingo wakhala ndi anthu ambiri a mtima wa Andrea, ndipo wina mwa iwo amapezeka m'mbiri ya mpira wamiyendo. Okonda mpira amaidziwa timu ya Celtic ya mumzinda wa Glasgow ku Scotland, yovala malaya a mizere yobiriwira ndi yoyera, imene mu 1967 idakhala timu yoyamba ya ku Britain kutenga chikho chachikulu cha matimu a ku Ulaya itagonjetsa Inter Milan 2-1 ku Lisbon. Ndi ochepa amene amadziwa kuti timuyi idabadwira mu holo ya parishi, ndipo cholinga chake choyamba chinali kudyetsa ana anjala. Moyo wa mmodzi mwa osewera ake oyamba, Willie Maley, pamodzi ndi wa munthu amene adamuitana, ukuthandiza kumvetsa mawerengo a lero.

Andrea wa ku Ballymote

Andrew Kerins, mnzake wa dzina wa mtumwi uja, adabadwa pa 18 Meyi 1840 ku Ballymote m'dziko la Ireland. Ali ndi zaka zisanu, matenda adagwira mbatata ya kachewere, imene kwa anthu a kumeneko inali ngati chimanga kwa Amalawi. Njala imene idatsatira, kuyambira 1845 mpaka 1852, idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi adathawa m'dzikomo. Andrew adakulira m'njala imeneyi. Ali mnyamata adawoloka nyanja kupita ku Glasgow kukafuna ntchito, ndipo mu 1864 adalowa chipani cha Abulazala a Marist, chimene Marcellin Champagnat Woyera adachiyambitsa ku France mu 1817 kuti ana a amphawi aziphunzira. Ndi chipani chomwechi chimene Amalawi amachidziwa chifukwa cha sukulu monga Zomba Catholic, Likuni Boys ndi Mtendere. M'chipanimo adalandira dzina loti Bulazala Walfrid.

Mu 1874 adakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Sacred Heart ku Bridgeton, chakum'mawa kwa Glasgow. Dera limeneli linali lodzaza ndi anthu othawa njala ku Ireland ndi ana awo. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi, ntchito inkasowa, ndipo matenda ankatenga ana aang'ono ambiri. Bulazala adaona chimene mphunzitsi aliyense wa kupulayimale kuno amachiona m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale: mwana wanjala samva phunziro, amangosinza, ndipo mawa lake sabweranso. Mothandizana ndi bungwe la Vinsenti wa Paulo Woyera, adayamba kuphikira ana chakudya chamasana. Mtengo wa mbale unali kobiri imodzi yokha, kuti makolo asadzione ngati opemphapempha. Chifundo chake chinkasamala mimba ya mwana ndiponso ulemu wa kholo.

Koma ana ankachuluka kuposa ndalama. Mu Febuluwale 1887 timu ya Hibernian ya ku Edinburgh, imene idayambika m'parishi ya Akatolika mu 1875, idatenga chikho cha Scottish Cup, ndipo chikondwerero chake chidachitikira mu holo ya parishi ya St Mary's ku Calton, mu Glasgow momwemo. Bulazala Walfrid, poona unyinji wa anthu amene mpira unkasonkhanitsa, adazindikira kuti ndalama zolipira pakhomo la bwalo zingathe kugula chakudya cha ana. Pa 6 Novembala 1887, tsiku Lamulungu, mu holo yomweyo, timu ya Celtic idakhazikitsidwa. Kalata yoyamba yopempha thandizo idafotokoza momveka kuti cholinga chachikulu chinali kupeza ndalama za chakudya cha ana osauka m'maparishi a St Mary's, Sacred Heart ndi St Michael's. Akhristu adatuluka ndi mafosholo ndi mawilibala kukasalaza bwalo, osayembekezera malipiro.

Adabwerera mkulu, adapeza mng'ono

Timu inalipo pa pepala, koma osewera panalibe. Mu Disembala 1887 Bulazala Walfrid ndi anzake adapita ku Cathcart, kunyumba ya a Maley, kukakopa Tom Maley, mphunzitsi amene anali kale katswiri wodziwika pa mpira. Adakapeza Tom atachokapo. Pakhomopo panali mng'ono wake Willie, mnyamata wa zaka 19, wobadwira ku Newry ku Ireland pa 25 Epulo 1868. Iyeyu ankaphunzira ntchito yowerengera ndalama, ndipo mtima wake unali pa mpikisano wothamanga kuposa pa mpira. Alendowo potsanzika, Bulazala adauza Willie kuti pobwera mkulu wake, nayenso abwere nawo. Mawu ochepa onenedwa potsanzikawo adamumangirira mnyamatayo ku timuyi zaka 52.

Malembo Oyera amaidziwa bwino njira imeneyi. Mneneri Samuele atafika kunyumba ya Yese kukadzoza mfumu, maso ake adagwa pa ana aamuna akuluakulu, pamene amene Mulungu adamusankha anali wamng'ono kwambiri, Davide, yemwe anali kubusa ndi nkhosa ndipo palibe adaganiza zomuitana. Mnyamata wa mikate isanu uja nayenso dzina lake silidalembedwe n'komwe. M'parishi iliyonse muli a Willie ambiri: achinyamata amene amaima kumbuyo kwa tchalitchi, amene palibe amawafunsa kanthu chifukwa maso a onse ali pa akulu awo odziwa kuyimba ndi kulankhula pagulu. Ambiri mwa iwo sadakane utumiki. Kungoti palibe adawaitanapo.

Pa ulendo wa ku Cathcart panalinso telala wina dzina lake Pat Welsh. Mbiri ya timuyi imasimba kuti zaka zambiri m'mbuyomo, Welsh ali mnyamata ankathawa boma la Britain ku Dublin chifukwa cholowa gulu lomenyera ufulu wa Ireland. Msilikali amene adamugwira padoko anali Sajeni Thomas Maley, bambo ake a Tom ndi Willie. Sajeniyo adamumvera chisoni namulola kuthawira ku Glasgow. Patapita nthawi, Welsh yemweyo ndiye adathandiza banja la sajeni kukhazikika ku Scotland, ndipo ndiye adalondolera Bulazala pakhomo pawo. Akuluakulu adati kupatsa ndi kuika. Chifundo chimene bambo adachitira mdani padoko chidakapindulira ana ake, chidapinduliranso ana anjala a mumzinda wina.

Thupi limodzi, timu imodzi

Pa 28 Meyi 1888 Celtic idasewera masewero ake oyamba ndi Rangers ndipo idapambana 5-2. Tom ndi Willie onse anali m'bwalo. Willie ankasewera chapakati, ndipo anali m'timu imene idatenga Scottish Cup mu 1892 ndi ligi mu 1893. Chaka chomwecho cha 1893 adasewerera kawiri timu ya dziko la Scotland. Mu 1897, asanakwanitse zaka 30, adasankhidwa kukhala mlembi ndi manijala woyamba wa timuyi, udindo umene adakhala nawo mpaka 1940. M'zaka zimenezi Celtic idatenga ligi ka 16 ndi Scottish Cup ka 14, kuphatikizapo ligi zisanu ndi imodzi zotsatizana kuyambira 1905 mpaka 1910.

Chodabwitsa ndi njira imene adapambanira. M'malo mogula akatswiri okwera mtengo, Maley ankafunafuna anyamata m'matimu ang'onoang'ono a m'midzi ya migodi ndi m'madera osauka, nawalera mpaka atakhwima. Jimmy Quinn, mmodzi mwa ogoletsa zigoli otchuka a nthawi imeneyo, adamutenga ku Croy komwe ankakumba malasha. Munthu amene adaitanidwa iye asanatchuke adathera moyo wake akuitana ena asanatchuke.

Glasgow wa nthawi imeneyo unali mzinda wogawikana kwambiri pakati pa Akatolika ndi Akhristu a mipingo ina, mpaka pa nkhani ya kulembedwa ntchito. Maley anali Mkatolika wolimbika, koma posankha osewera ankayang'ana munthuyo ndi luso lake, osati mpingo wake kapena mtundu wake. Goloboyi wake wokondedwa, John Thomson, sanali Mkatolika. Pa 5 Seputembala 1931, m'masewero ndi Rangers pa bwalo la Ibrox, Thomson adadziponya kuti agwire mpira, mutu wake nuwombana mwangozi ndi bondo la wosewera mnzake, ndipo adamwalira madzulo a tsiku lomwelo ali ndi zaka 22. Anthu zikwizikwi adapita kumaliro ake ku Cardenden, ena atayenda wapansi kuchokera ku Glasgow, ndipo pamandapo Akatolika ndi a mipingo ina adalira limodzi. Mu 1936 Maley adapatsanso mwayi Mohammed Salim, Msilamu wochokera ku Calcutta ku India, amene ankasewera wopanda nsapato, mapazi atangokulungidwa ndi mabandeji.

Paulo Woyera akulembera Aefeso ali m'ndende, akuwachonderera kuti moyo wawo uzigwirizana ndi kuitanidwa kwawo, akhale odzichepetsa, ofatsa, opirirana, ndipo asunge umodzi umene Mzimu Woyera amapereka, pakuti Ambuye, chikhulupiriro ndi ubatizo ndi chimodzi kwa onse. Ngati manijala wa timu ya mpira adatha kuika pambali funso loti munthu amapemphera kuti, Mkhristu amene amadya pa guwa limodzi ndi anzake alibe chodzikhululukira pamene posankha atsogoleri a mphakati kapena a kwaya ayamba wafunsa kuti munthuyo kwawo ndi kuti, ndi wa chigawo chiti, ndi mwana wa yani. Pa udzu wa ku Galileya paja Yezu sadakhazike anthu potsata mitundu yawo. Onse adakhala pansi, onse adalandira.

Pamene mbale idayamba kuiwalika

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene siyenera kubisidwa. Mu 1892 akuluakulu a chipani adatumiza Bulazala Walfrid ku London. Timu inali itatchuka, anthu ankadzaza bwalo, ndalama zinkalowa zambiri. Koma zofunika nazo zidakula: bwalo latsopano, malipiro a osewera, mpikisano ndi matimu ena. Thandizo lopita ku chakudya cha ana lidayamba kuchepa. Mu 1897 timuyi idasandutsidwa kampani yokhala ndi eni masheya oyembekezera phindu, ndipo m'chaka chomwechi ndi m'mene Maley adalandira udindo wake. Palibe tsiku limene anthu adakhala pansi n'kugwirizana kuti ana anjala aiwalike. Zidangochitika pang'onopang'ono, chifukwa nthawi zonse pankapezeka chinthu china chooneka chofunika msanga kuposa mbale ya mwana.

Maley mwiniwake adasinthika ndi ulamuliro. M'zaka zake zomaliza ankadziwika ngati munthu wouma mtima, wosafuna kutsutsidwa, wotalikirana ndi osewera ake. Mu 1928 timuyi idafuna kugulitsa katswiri wake Jimmy McGrory ku Arsenal pofuna ndalama. Maley adamutenga pa ulendo wa chipembedzo wopita ku Lourdes, ndipo podutsa ku London McGrory adangoona akukumanitsidwa ndi manijala wa Arsenal, Herbert Chapman. McGrory, mnyamata wokulira m'dera losauka la Garngad, adakana kuchoka ku Celtic popita ndi pobwerera pomwe. Ulendo wopita kwa Amayi Maria udagwiritsidwa ntchito ngati msampha wa malonda. Nthawi yopuma itakwana mu 1940, Maley, ali ndi zaka 71, adachoka mokhumudwa, ngati munthu wolandidwa chake. Adamwalira pa 2 Epulo 1958 ali ndi zaka 89.

Apa ndi pamene mathero a Mthenga Wabwino wa lero akulasa mtima. Anthu atakhuta adafuna kumugwira Yezu kuti amulonge ufumu, koma Iye adathawira kuphiri yekha. Adadziwa kuti ntchito yodyetsa anthu imabweretsa kutchuka, ndipo kutchukako kungathe kumeza ntchitoyo. Bulazala Walfrid adatsata njira yomweyo. Atalamulidwa kusamuka, adasiya timu imene adaiyambitsa ili pachimake, nakayambiranso pansi pakati pa ana oyenda opanda nsapato m'madera osauka a kum'mawa kwa London. Adamwalira pa 17 Epulo 1915 ku Dumfries, kunyumba ya chipani chake, wopanda chuma chilichonse. Mmodzi adagwira ntchitoyo ndi manja otsegula, winayo adaifumbata mpaka zala zidachita kutanyulidwa. Onse awiri adachita zazikulu, ndipo woweruza mitima ndi Mulungu yekha, koma kusiyana kwa mathero awo ndi chenjezo kwa aliyense wokhala pa udindo. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Chenjezoli ndi la parishi ino. Bungwe lililonse la mu Mpingo lidayambika chifukwa cha mbale ina yake: odwala oti ayenderedwe, amasiye oti athandizidwe, achinyamata oti atetezedwe ku mowa ndi chamba, Mulungu woti atamandidwe. Patapita zaka, misonkhano imatha maola awiri pa nkhani ya yunifolomu, ya ulendo wokacheza ku parishi ina, ya chisankho cha wapampando, ndipo nkhani ya wodwala imabwera anthu atayamba kale kunyamuka. Timu ya mpira ya achinyamata imene idayambika kuti isonkhanitse ana a miphakati yonse imayamba kubwereka osewera akunja kuti itenge chikho, ana a parishi n'kumaonerera kunja kwa mzere. Wapampando amene adatumikira bwino zaka zambiri amayamba kuona ngati bungwelo ndi munda wake. Palibe mwa izi chimene chimayamba ndi mtima woipa. Zimayamba ndi kuiwala.

Zotsala zisatayike

Anthu atakhuta, Yezu adalamula ophunzira ake kuti atolere zotsala kuti pasatayike kanthu. M'mawerengo oyamba, mneneri Elisa nayenso adadyetsa anthu 100 ndi mikate 20 ya barele imene munthu wina wa ku Baala-Salisa adabweretsa ngati zipatso zoyamba za m'munda mwake, ndipo chakudya chidatsalako. Chimene chaperekedwa kwa Mulungu sichithera pa tsiku limodzi.

Mbale ya Bulazala Walfrid nayo sidatayike. Mu 2005 ochemerera timuyi adaimika chipilala cha chifaniziro chake panja pa bwalo la Celtic Park, ndipo lero timuyi ili ndi nthambi yothandiza osowa, Celtic FC Foundation, imene imatchula poyera cholinga choyamba chija. Ganizo lodyetsa mwana pasukulu lidafikanso ku Malawi kuchokera ku Scotland komweko. Mu 2002 Mkatolika wa kumeneko, Magnus MacFarlane-Barrow, adayambitsa Mary's Meals m'dziko lino, poyambira ndi ana pafupifupi 200 okha. Lero ana a m'sukulu zambiri za pulayimale amalandira phala la likuni, lophikidwa ndi amayi odzipereka amene amadzuka m'bandakucha kukasonkha moto. Amayi amenewa ndi anzawo a akhristu aja a mafosholo ndi mawilibala, ndiponso a mnyamata wa mikate isanu. Filipo akadawerengetsa za iwo akadanena kuti sizingatheke.

Yohane Woyera akunena kuti Yezu adatenga mikate, nathokoza Mulungu, nagawira anthu. Awa ndi machitidwe omwewo amene wansembe amachita pa guwa, ndipo mawu oti Ukaristia amatanthauza kuthokoza. Masiku a Mulungu anayi akubwerawa Mpingo upitiriza kuwerenga mutu 6 wa Yohane, momwe Yezu akudzionetsa kuti Iye mwini ndiye chakudya chopatsa moyo. Koma asanaphunzitse za chakudya cha kumwamba, adayamba wathetsa njala ya m'mimba. Mkhristu wolandira Ukaristia m'mawa uno akutumidwa kukachita chimodzimodzi: kuona amene sakuonedwa, kumuitana, kupereka chochepa chimene ali nacho, ndi kuchoka modzichepetsa nthawi yake ikakwana. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Zokambirana m'miphakati sabata ino

1. Kodi bungwe kapena mphakati uno udayambika pofuna kuthandiza yani? Nanga pa ndalama ndi nthawi zimene zagwiritsidwa ntchito chaka chino, ndi gawo lanji limene lafika kwa anthu amenewo?

2. Ndi wachinyamata uti m'dera lino amene palibe adamuitanapo ku utumiki uliwonse? Ndani apite kukamuitana Lamulungu likudzali lisanafike?

3. Ndi mabanja ati amene ana awo amapita kusukulu osadya? Kodi mphakati ungayambe bwanji kusunga chimanga panopa, miyezi ya njala isanafike?

4. Kodi atsogoleri amene akhala nthawi yaitali pa udindo akukonzekeretsa ena owalowa m'malo?

Pemphero

Ambuye Yezu, amene adalandira mikate ya mnyamata wosauka naidyetsa chikhamu cha anthu, apatse Akhristu a parishi ino maso a Andrea ndi manja otsegula. Ateteze mabungwe onse a mu Mpingo kuti asaiwale chimene adayambira, apatse atsogoleri chaulere cha kudzichepetsa, ndipo alandire mu mtendere wake Bulazala Walfrid, Willie Maley ndi onse amene adadyetsapo mwana wanjala. Amayi Maria ndi Marcellin Champagnat Woyera awapempherere. Amen.